Kale limene anthu a ku America amalilakalaka: nyumba, galimoto ndi ngongole ya zaka 30

Nthawi ya kampeni ikafika ku America, andale a mbali zonse amaimba nyimbo imodzi: tibwezeretse mafakitale, tibwezeretse ntchito zolipira bwino, banja la munthu wamba lipezenso bwino ngati kale. Achinyamata akumeneko nawo ali ndi dandaulo lawo. Amati agogo awo adagula nyumba ndi malipiro a bambo okha, pomwe iwo lero, mwamuna ndi mkazi onse ali pantchito, akukanika kuchoka pa lendi. Ife omvera patali timangodabwa kuti kale lotchukali ndi liti, ndipo lidali lotani.

Ambiri akamatero amanena zaka zoyambira 1945, pamene nkhondo yachiwiri yapadziko lonse idatha, mpaka cha m'ma 1973. Ndi nthawi imene idabala chithunzi chija timachiona m'mafilimu: nyumba yoima payokha, kapinga wotchetchedwa bwino pakhomo, galimoto pambali, firiji yodzaza kukhitchini. Mu 1940, mabanja pafupifupi 44 mwa 100 aliwonse ankakhala m'nyumba zawozawo. Pofika 1960 chiwerengerocho chidali chitafika pafupifupi 62. Kusintha kotere m'zaka 20 zokha sikungafotokozedwe ndi khama la anthu lokha, popeza makolo awo nawonso adali akhama. Padali zinthu zingapo zimene zidakumanizana, ndipo chachikulu mwa izo chidali chakuti boma lidavomera kuimirira ngongole za anthu wamba.

Suburb si kumayadi kwenikweni

Mawu amene amamveka kwambiri pankhaniyi ndi akuti suburb. Amatanthauza dera la nyumba zokhazokha lomangidwa kunja kwa mzinda, kumene anthu amagona koma ntchito amakagwira m'tauni. Munthu angafulumire kuyerekeza ndi kumayadi, monga ku Namiwawa mu Blantyre kapena ku Area 10 ku Lilongwe, koma zimasiyana. Kumayadi kwathu ndi kwa mabwana owerengeka, aliyense kuseri kwa mpanda wake wautali. Ma suburb a anthu olemera ku America nako adalipo kale nkhondo isanayambe. Chachilendo itatha nkhondo chidali chakuti madera atsopanowa ankamangidwira makaniko, mphunzitsi, kalaliki, woyendetsa basi ndi wogwira ntchito mufakitale.

Ndalama zidachokera kuti?

M'zaka za m'ma 1930 chuma cha America chidagwa chagada. Mu 1933 munthu mmodzi mwa anayi aliwonse ofuna ntchito adali lova, mabanki zikwizikwi adatsekedwa, ndipo ntchito yomanga nyumba idatsala pang'ono kuimiratu. Dzikolo litalowa m'nkhondo mu December 1941, zinthu zidatembenuka: ntchito zidachuluka koma zogula zidasowa. Kuyambira kumayambiriro kwa 1942 mafakitale adasiya kupanga magalimoto a anthu wamba nkuyamba akasinja ndi ndege zankhondo. Shuga, nyama, petulo ndi matayala zinkagulidwa ndi makuponi. Anthu adali ndi ndalama m'matumba koma opanda pozimwazira, choncho adasunga, ndipo anthu pafupifupi 85 miliyoni adakongoza boma lawo pogula mapepala a ngongole ya nkhondo. Pamene mfuti zidaleka kulira, panali patapita zaka 15 mabanja ambiri asanagule chinthu chachikulu chilichonse. Njala yogula idali yaikulu, ndalama nazo zilipo.

Chachiwiri, America idatuluka m'nkhondo mafakitale ake ali chiimire. Mizinda ya Germany ndi Japan idali bwinja, Britain idali itamira m'ngongole, Soviet Union idataya anthu oposa 20 miliyoni. Tangoganizani msika umene wapsa usiku, mabenchi onse nkusanduka phulusa kupatula la munthu mmodzi. Mmawa aliyense agula kwa iyeyo. Pa nthawiyo pafupifupi theka la katundu yense wopangidwa m'mafakitale padziko lapansi ankachokera ku America. Msonkhano wa ku Bretton Woods mu 1944 udaika dola kukhala ndalama imene zina zonse zimayezedwerapo, ndipo kuyambira 1948 America idapereka madola pafupifupi 13 biliyoni kumaiko a kuzambwe kwa Ulaya kudzera mu Marshall Plan, ndalama zimene gawo lalikulu lidabwerera kwawo pogula katundu wa ku America konko.

Koma phindu la kampani silifika lokha m'thumba la wantchito. Apa ndi pamene mabungwe a anthu apantchito adalowerera. Chapakati pa zaka za m'ma 1950, wantchito mmodzi mwa atatu aliwonse adali m'bungwe lotere. Mu 1950 bungwe la antchito a m'mafakitale a magalimoto, lotsogozedwa ndi Walter Reuther, lidasainirana ndi General Motors mgwirizano wa zaka zisanu: antchito adalonjeza kusanyanyala, kampani idalonjeza penshoni, thandizo la kuchipatala ndi malipiro okwera molingana ndi kukwera mtengo kwa zinthu. Makampani ena adatengera. Mnyamata amene sadapite kukoleji akadatha kulowa mufakitale ali ndi zaka 20, akudziwa kuti adzatulukamo ndi penshoni. Munthu wotere banki imamukhulupirira.

Boma litaima pakati pa banki ndi wokongola

Kwathu kuno nyumba imamangidwa pang'onopang'ono. Chaka chino ugula puloti, chaka chamawa uumba njerwa nkuotcha, kenako uyembekeza kuti upeze ya malata, ndipo ena amalowa m'nyumba mawindo atatsekedwa ndi njerwa. Ku America kudafala njira yosiyana: umalowa kaye m'nyumba yomalizidwa, kulipira nkumabwera pambuyo. Ngongole yogulira nyumba imeneyi imatchedwa mortgage, ndipo chikole chake ndi nyumba yomweyo. Ukalephera kulipira, banki imalanda.

Isanafike 1930 ngongole zoterezi zidali zowawa. Kawirikawiri munthu ankayenera kuyamba wapereka pafupifupi theka la mtengo wa nyumba, ngongoleyo inkakhala ya zaka 5 mpaka 10, ndipo pamapeto pake ankafunika kubweza chindalama chachikulu nthawi imodzi. Chuma chitagwa, mabanja ambirimbiri adalandidwa nyumba. Mu 1934 boma la Franklin Roosevelt lidakhazikitsa bungwe la Federal Housing Administration, mwachidule FHA. Bungweli silinkakongoza ndalama. Linkangouza banki kuti: mkongozeni munthuyu, akalephera kubweza tidzakulipirani ndife. Zili ngati mwana akamakongola pagolosale, amalume ake olemera ataima pambali nkunena kuti akathawa mudzandifunse ine. Mwini golosale samanjenjemeranso. Mabanki nawo adavomera dipoziti yochepa, chiwongoladzanja chotsika, ndi nthawi yaitali yobwezera, imene idakula kuchoka pa zaka 20 mpaka kufika 30, munthu akulipira ndalama yofanana mwezi ndi mwezi.

Kenako kudabwera lamulo limene anthu amangolitchula kuti GI Bill, GI pokhala dzina lotchulira msilikali wamba wa ku America. Roosevelt adalisainira mu June 1944 nkhondo ili mkati. Anthu pafupifupi 16 miliyoni adali atavala yunifolomu, ndipo atsogoleri ankaopa kuti akabwerera onse nthawi imodzi opanda ntchito kudzakhala chipwirikiti. Lamuloli lidalipirira sukulu: pofika 1956 asilikali akale pafupifupi 7.8 miliyoni adali ataphunzira nalo, oposa 2 miliyoni mwa iwo kukoleji, enawo ntchito zamanja ndi zina. Lidaimiriranso ngongole za nyumba, ndipo nthawi zambiri msilikali sankafunika kupereka dipoziti ngakhale khobidi limodzi.

Vuto lidali lakuti nyumba zoti agulezo kunalibe. Asilikali adabwerera, nkukwatira, nkuyamba kubereka. Ana adabadwa ochuluka kwambiri moti nyengoyo idapatsidwa dzina lakuti baby boom, kutanthauza kusefukira kwa makanda: pakati pa 1946 ndi 1964 kudabadwa ana pafupifupi 76 miliyoni, ndipo mu 1957 mokha adali 4.3 miliyoni. Mabanja atsopano ankapanikizana kwa apongozi. Mzinda wa Chicago udafika pogulitsa mabogi akale a sitima zam'tauni kuti anthu azigonamo.

Munda wa mbatatesi usanduka tauni

Amene adaona mwayi msanga adali William Levitt, amene ndi bambo ake ndi mchimwene wake adali ndi kampani yomanga nyumba. Pa nthawi ya nkhondo adaphunzira kumanga mofulumira nyumba za antchito a boma ku Norfolk, m'chigawo cha Virginia. Nkhondo itatha adagula minda ya mbatatesi pa Long Island, kum'mawa kwa New York, ndipo kuyambira 1947 mpaka 1951 adamangapo nyumba 17,447. Malowo adatchedwa Levittown.

Nzeru yake adaitenga kufakitale ya magalimoto, koma adaitembenuza. Mufakitale galimoto ndi imene imayenda pa lamba, antchito ali chiimire. Ku Levittown nyumba zidali chiimire, antchito ndiwo ankayenda. Ntchito yomanga adaigawa m'magawo 27, gulu lililonse ndi gawo lake. Ena ankangothira konkire pansi, ena ankangoimika matabwa a khoma, ena kukhoma denga, ena kupaka penti, wina ntchito yake tsiku lonse nkumangirira makina ochapira pansi, akamaliza nkupita nyumba yotsatira. Malole ankatula matabwa odulidwa kale pamuyeso pa puloti iliyonse. Kampaniyo idali ndi nkhalango ndi macheka ake ku California, ndipo ngakhale misomali inkapanga yokha. Ntchito itafika pachimake ankamaliza nyumba pafupifupi 30 pa tsiku.

Nyumbazo sizidali zazikulu ngati za m'mafilimu a masiku ano. Zoyambirira zidali za masikweya mita pafupifupi 70: zipinda ziwiri zogona, pabalaza, khitchini ndi bafa, kuphatikizapo malo a kudenga amene mwini nyumba akadatha kudzawasandutsa chipinda banja likakula. Koma munkakhala muli kale chitofu, firiji ndi makina ochapira, ndipo za mu 1950 zidabwera ndi TV yomangiriridwa kukhoma. Poyamba zinkachititsidwa lendi ya madola 60 pamwezi. Mu 1949 zinkagulitsidwa pa madola 7,990, pamene banja lapakatikati linkapeza madola pafupifupi 3,100 pachaka. Zolipira kubanki pamwezi zinkachepera lendi ya m'nyumba zambiri za mumzinda wa New York. Anthu ankagona pamzere kudikira kuti ofesi yogulitsa itsegulidwe.

Kudalinso malamulo amene munthu wakwathu angaseke nawo. Kumanga mpanda kudali koletsedwa, kapinga ankayenera kutchetchedwa sabata iliyonse m'nyengo yake, ndipo kuyanika zovala panja Loweruka ndi Lamlungu kudali kosaloledwa. Anthu ophunzira a mumzinda ankanyoza kuti nyumbazi ndi timabokosi tofanana ndipo okhalamo adzayamba kuganiza mofanana. Koma kwa banja lochoka m'kachipinda ka kwa apongozi, chipongwe chimenecho sichinkamveka nkomwe. Omanga ena m'dziko lonselo adatengera njirayi, ndipo kalembera wa mu 1970 adapeza kuti okhala m'ma suburb adali ataposa okhala mkati mwa mizinda.

Nyumba imaitana galimoto, galimoto imaitana msewu

Ukakhala makilomita 40 kuchokera kuntchito, kudera kopanda msika woti ungapiteko wapansi, galimoto imasanduka miyendo. Magalimoto a anthu wamba adachoka pa 26 miliyoni mu 1945 kufika poposa 60 miliyoni mu 1960. Makampani a ku Detroit, mzinda wa mafakitale a magalimoto, ankasintha maonekedwe a galimoto chaka chilichonse, kuti ya chaka chatha, ngakhale ikuyenda bwinobwino, izichititsa manyazi pamaso pa aneba. Mu 1956 Purezidenti Dwight Eisenhower adasainira lamulo lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo zonse, ya makilomita pafupifupi 66,000. Boma lalikulu linkalipira madola 90 pa 100 aliwonse, ndalama zambiri zikuchokera ku msonkho wa petulo. Eisenhower adali ndi chifukwa chake: ali msilikali wachinyamata mu 1919 adayenda nawo pa mdipiti wa magalimoto a asilikali umene udatenga masiku 62 kudutsa dzikolo, ndipo pa nkhondo adaona misewu ya ku Germany.

Malonda adatsatira anthu. Mu 1955 Ray Kroc adatsegula McDonald's yake yoyamba ku Des Plaines, pafupi ndi Chicago. Mu 1956 ku Edina, m'chigawo cha Minnesota, kudatsegulidwa Southdale, chinyumba cha masitolo ambiri pansi pa denga limodzi chozunguliridwa ndi bwalo loimikapo magalimoto. TV, imene mu 1950 idali m'nyumba 9 zokha mwa 100, pofika 1960 idali m'nyumba pafupifupi 87 mwa 100, ndipo usiku uliwonse inkalowetsa otsatsa malonda pabalaza. Kukongola nako kudasiya kukhala chamanyazi. Khadi la Diners Club lidayamba mu 1950, ndipo mu 1958 Bank of America idatumiza makadi a ngongole kwa anthu a ku Fresno osawapempha nkomwe. Khadi limeneli ndi limene pambuyo pake lidakhala Visa.

Zonsezi ndi zimene akatswiri amatanthauza akamati consumer society: dziko limene chuma chake chimayenda chifukwa anthu wamba akugula mosalekeza, ndipo ulemu wa munthu umaonekera pa zimene ali nazo pakhomo. Kugula kudasanduka ngakhale chida pa mkangano ndi Soviet Union. Mu July 1959, pa chionetsero ku Moscow, wachiwiri kwa purezidenti Richard Nixon ndi mtsogoleri wa Soviet Union Nikita Khrushchev adatsutsana ataima m'khitchini yachionetsero. Nixon ankaloza makina ochapira nkunena kuti nyumba yotere wogwira ntchito mufakitale ya zitsulo angaikwanitse. Khrushchev adayankha kuti nyumba za ku America zimamangidwa kuti zikhale zaka 20 zokha, pomwe iwo amamangira ana ndi adzukulu.

Amene chitseko chidawatsekera

Amalume aja oimirira ngongole sankaimirira mwana aliyense. M'zaka za m'ma 1930 mabungwe a boma adajambula mapu a mizinda, akuika mitundu posonyeza madera amene ankawaona kuti ndi abwino kapena oopsa kukongozako ndalama. Madera okhala anthu akuda ankapakidwa kapena kuzunguliridwa ndi utoto wofiira, nchifukwa chake mchitidwewu umatchedwa redlining. FHA inkapewa kuimirira ngongole kumeneko, ndipo mabuku ake a malangizo ankalimbikitsa kuti madera atsopano asasakanize mitundu. Mapepala a nyumba za ku Levittown adali ndi ndime yonena kuti nyumbazo ndi za azungu okha. Levitt ankadziteteza ponena kuti akagulitsa kwa wakuda mmodzi azungu ambiri sadzagula, ndipo kuti iye angathetse vuto la nyumba kapena kuyesa la tsankho, koma osati onse awiri pamodzi.

Asilikali akuda oposa 1 miliyoni adatumikira pa nkhondo ija, ndipo pa pepala GI Bill idali yawonso. Koma ngongole inkaperekedwa ndi banki ya kumaloko, ndipo banki ikakana, chitsimikizo cha boma chidalibe ntchito. Kafukufuku wa mu 1947 m'mizinda 13 ya ku Mississippi adapeza kuti mwa ngongole zoposa 3,200 zoimiriridwa ndi boma kwa asilikali akale, ziwiri zokha ndi zimene zidapita kwa akuda. Mu 1948 khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti makhoti sangakakamize anthu kutsatira ndime za tsankho zija, koma ogulitsa adapitiriza kukana pakamwa. Mu August 1957 William ndi Daisy Myers, banja lakuda, adagula nyumba kwa mwini wake ku Levittown yachiwiri, ya ku Pennsylvania. Bamboyo adali msilikali wakale. Magulu a anthu ankasonkhana panja usiku ndi usiku, windo lidaswedwa ndi miyala, mpaka apolisi a chigawo adabwera kudzalondera. Aneba ena achizungu adaima nawo. Lamulo loletsa tsankho pa kugulitsa ndi kuchititsa lendi nyumba lidadzabwera mu 1968.

Misewu ikuluikulu ija polowa m'mizinda kawirikawiri inkadutsitsidwa m'madera a akuda, monga Overtown ku Miami ndi Rondo ku Saint Paul, nyumba ndi mabizinesi nkugwetsedwa. Azungu opeza bwino atasamuka, misonkho yawo idasamuka nawo, masukulu ndi ntchito za mumzinda nkuyamba kufooka. Detroit idali ndi anthu pafupifupi 1.85 miliyoni mu 1950, koma mu 2020 adatsala osakwana 640,000.

Amayi nawo nkhani yawo ili pawiri. Ambiri amene adagwira ntchito m'mafakitale nthawi ya nkhondo adachotsedwa kuti amuna apeze malo, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1950 theka la atsikana linkakwatiwa lisanapitirire zaka 20. Makina adapeputsa ntchito zapakhomo, koma mayi wa mu suburb ankatsala yekha ndi ana tsiku lonse, kutali ndi amayi ake ndi abale, chinthu chimene mayi wakumudzi kwathu, amene amasinja ndi kutunga madzi pamodzi ndi anzake, angachione ngati chilango. Mpaka 1974 banki inkatha kukana kukongoza mayi popanda siginecha ya mwamuna. Umphawi nawo sudathe: mu 1959 anthu 22 mwa 100 aliwonse, pafupifupi 40 miliyoni, adawerengedwa kuti ndi osauka, ambiri mwa iwo azungu a kumidzi ndi okalamba.

Chimene amakanganirana lero

Mabenchi aja adapsa pamsika adamangidwanso. Pofika m'ma 1970 Germany ndi Japan zinkagulitsa Volkswagen ndi Toyota ku America komweko. Mu 1971 Nixon, ali purezidenti tsopano, adasiya kusinthanitsa dola ndi golide, ndipo kumapeto kwa 1973 maiko a Aluya atachepetsa mafuta mtengo wake udakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yochepa. Moyo womangidwa pa galimoto yaikulu ndi petulo wotchipa udagwedezeka. Kuchokera pamenepo malipiro a wantchito wamba adayamba kukwera mwapang'onopang'ono, ndipo lero wantchito mmodzi yekha mwa 10 ndi amene ali m'bungwe.

Aliyense amatola mbali yake ya nkhaniyi. Ena amaloza mafakitale, mabanja okhazikika ndi makampani omanga opanda malamulo ambiri owapinga, nkunena kuti njira ndi kuteteza malonda a m'dziko ndi kuchepetsa malamulo. Ena amaloza mabungwe amphamvu a antchito, ndalama za boma zimene zidapita kusukulu ndi kumisewu, ndi msonkho wa olemera kwambiri umene pa pepala udafika 91 pa 100, ngakhale kuti ochepa ndiwo ankalipiradi wochuluka chotero. Akatswiri ena a zachuma amati mbali zonse ziwiri zikuiwala kuti nyengo imene opikisana nawo onse adali pansi singabwerezedwe. Amakumbutsanso kuti nyumba yatsopano ya lero ndi yaikulu kuposa katatu ya ku Levittown, ndipo banja la mu 1950 linkakhala ndi galimoto imodzi kapena kusakhala nayo nkomwe.

Pali chinthu chimodzi chimene chimaoneka m'mabuku a chuma mpaka lero. Kwa mabanja ambiri a ku America nyumba ndiyo nkhokwe yaikulu: amaikongolera fizi ya ana kukoleji, amaigulitsa akakalamba, amaisiyira adzukulu. Pafupifupi mabanja atatu mwa anayi aliwonse achizungu ali ndi nyumba yawoyawo, pomwe mwa akuda ndi osakwana theka, ndipo kafukufuku wa banki yaikulu ya dzikolo mu 2022 adapeza kuti chuma cha banja lapakatikati lachizungu chimaposa cha lakuda pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Ku Levittown ya pa Long Island nyumba zosasinthidwa zatsala zowerengeka, popeza eni ake adawonjezera zipinda, magalaja ndi nyumba zam'mwamba. Zija zinkagulidwa madola 7,990 lero zimagulitsidwa pa madola oposa 500,000.